Funsani Amalume: Mipeni itatu pabenchi, ndalama ya umodzi

Mwezi watha ndinalemba za mapampu opopera thonje, ndipo penapake ndinangotchulako kuti ine sindituluka pakhomo popanda mpeni m'thumba. Kamzere kamodziko kabweretsa makalata ambiri kuposa mapampu onse aja. Ndasankhapo anayi.

Amalume, ine ndimagula soya ndi nshawa m'midzi ya ku Chadiza n'kumakagulitsa ku Chipata. Tsiku lonse ndimakhalira kudula twaini, kumasula matumba ndi kumanga katundu panjinga, ndipo ndatopa n'kubwereka mipeni yodulira ndiwo m'makomo mwa anthu. M'tauni ndaona mipeni yopinda itatu. Woyamba ndi Okapi wa chigwiriro chamtengo. Wachiwiri ndi wakuda bii, wotseguka ndi chala chimodzi, wolembedwa kuti stainless. Wachitatu ndi wofiira, wa mtanda woyera, uli ndi sizasi, kasowo, chotsegulira mabotolo ndi zina zoti sindikudziwa ntchito yake. Mitengo sikusiyana kwenikweni. Mtima wanga uli pa wofiirawo, koma ndalama ndili nayo ya umodzi. Nditenge uti?
Wogula mbewu, Chadiza

Mphwanga, tenga Okapi. Ndayamba ndi yankho kuti ngati basi ikuliza kale hutala usavutike kuwerenga zonse. Ngati nthawi ilipo, khala pansi ndikuonetse chala changa chamkombaphala cha kumanja.

Chili ndi chipsera choyera chopingasa pamfundo yachiwiri. Chaka chomwe ndinakwatira ndinagula mpeni wofiira wa mtanda pa kabenchi kena m'tauni muno, pamtengo wa buledi awiri. Ndinapita nawo kwa apongozi cha ku Mtenguleni, ndipo tsiku lachiwiri chikopa chomangira goli chinafunika bowo lina. Pokhala mkamwini watsopano, ndinati apa ndiye poonekera. Ndinatulutsa kampeni kanga, ndinaika nsonga pachikopa, ndikukanikiza uku ndikupotoza. Nsonga inaterereka, mpeni unapindika n'kudzatsekera pachala. Magazi chuu, alamu anga kuseka mpaka kugwira nthiti. Apongozi aamuna sanaseke. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa mpeni wautali woda ndi ukalamba, anautsegula, kererere, kha! Anaboola chikopacho, anakoka kamphete ka pamsana, anaupinda, n'kuubweza m'thumba osanena kanthu. Kusanena kanthuko ndiko kunandiwawa kuposa bala.

Kha ameneyo ndiye ukagule. Mpeni wopinda uli ndi popindikira pakati, ndiye usanafunse za kuthwa kapena kukongola, funsa chomwe chikuugwira kuti usabwerere pa zala zako. Mipeni yofiira ya saizi ya m'thumba ija, yeniyeni ndi yabodza yomwe, imagwiridwa ndi sipuling'i chabe. Ukamacheka kuthwa kutayang'ana pansi palibe vuto, chifukwa mphamvu ya dzanja ikukankhira mpeniwo kotsegukira. Ukangoti ubaye kapena uboole, palibe chokutchinjiriza. Tsono ntchito yako ndi ya nsonga: kulowetsa pansi pa twaini womangika, kung'amba pakamwa pa thumba losokedwa, kuboola mphira yomangira katundu. Okapi ali ndi sipuling'i yaitali kunja, pamsana pa chigwiriro, ndipo patsinde pa chitsulo pali timano. Kererere uja ndi timanoto tikudutsa pansi pa sipuling'i, kha uja ndi dzino lomaliza litalowa m'bowo lake. Likalowa, mpeni supindika mpaka utakoka mphete. Alipo ma Okapi ena ang'onoang'ono opanda mphete, amenewo uwasiye, si a ntchito yako.

Wofiira weniweni ndisaunamizire, ndi mpeni wabwino zedi. Amaupanga a Victorinox ku Ibach m'dziko la Switzerland, kampani yomwe Karl Elsener anaiyamba mu 1884. Mu 1891 anayamba kupangira mipeni asilikali a dzikolo, ndipo dzina loti Swiss Army, lomwe mipeniyi imadziwika nalo, linachokera pamenepo. Panalinso kampani ina ya Wenger yopanga mipeni yomweyi, koma a Victorinox anaigula mu 2005. Mpeni wawo sungakhale pamtengo umodzi ndi Okapi, umaposa kangapo. Iwe wandiuza kuti mitengo sikusiyana, ndiye wandiuza kale kuti wa pabenchiwo ndi wotani. Ngati ukukayikabe, tsegula chitsulo chachikulu uyang'ane patsinde: weniweni umakhala ndi dzina la Victorinox lodindidwa mozama, mooneka bwino, pamodzi ndi mawu oti Swiss Made kapena Switzerland. Kenako tenga ulusi wa malaya uudule ndi kunsonga kwa sizasi. Yeniyeni imadula phwii, yabodza imangotafuna. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale ukanakhala weniweni, sindikanakuuza kuti utenge. Umenewo ndi mpeni wa aphunzitsi, a dalaivala, okonza mawailesi, munthu amene pa tsiku amafuna kumanga sikulu imodzi, kutsegula chitini cha nsomba ndi kuwenga chikhadabo. Ine ndili nawo umodzi tsopano, umakhala m'diraowa ya kuofesi. Kotokosera m'mano kake kanasowa sabata yoyamba, sizasi ndiyo ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo kasowo sindinakachekerepo kanthu.

Wakuda uja ndi wovuta kuuweruza ndisanaugwire. Mipeni yamtunduwu yambiri imachokera ku China, ndipo ilipo ina yolimba ndithu, koma imafanana nkhope ndi yachabechabe ngati mapasa. Mawu oti stainless asakutenge mtima. Amangotanthauza kuti m'chitsulomo muli chromium wosachepera 10.5 peresenti, amene amaletsa dzimbiri. Sanena ngati chitsulocho anachiumitsa bwino pamoto kuti chisunge kuthwa. Supuni ya tiyi nayonso ndi stainless. Opanga odzidalira amalemba mtundu wa chitsulo patsinde, monga 8Cr13MoV kapena 420HC, ngakhale akuba nawonso aphunzira kulemba.

Ngati mtima ukukukokerabe kumeneko, uyese pamaso pa wogulitsa. Utsegule, ugwire nsonga ndi kansalu, ugwedeze cham'mbali komanso chokweza ndi chotsitsa. Ukamva gwedegwede, ubweze pabenchi. Kenako suzumira m'kati mwa chigwiriro: muli kachitsulo kopyapyala komwe kamadumphira kuseri kwa tsinde mpeni ukatseguka, ndiko loko yake. Kayenera kukhala pa tsindelo ndi thupi lake lonse. Kakangokhudza m'mphepete ngati munthu wokhala pampando wa eni, tsiku lina kadzaterereka. Chomaliza, gwira chigwiriro ndi zala ziwiri m'mbali, zala zonse zitachoka m'njira ya chitsulo, umenyetse msana wa mpeni pathabwa pang'ono. Ukapindika, wapulumutsa chala. Wogulitsa akakana kuti uyese, nayenso wakuyankha.

Palinso china chomwe sadzakuuza. Mipeniyi imamangidwa ndi tisikulu ta mutu wa nyenyezi. Panjinga, m'misewu ya fumbi ya ku Chadiza ija, timamasuka tokha, kamodzi kakagwera mumchenga ndiye basi, ndipo sikuludilaiva ya nyenyezi yaing'ono chotero kumudzi sudzaipeza. Okapi ndi womangidwa ndi timisomali tokhomerera. Akayamba kugwedera, umagoneka mutu wa msomali pa nkhwangwa, kumenya pang'ono ndi hamala mbali inayo, wabwerera.

Mpeni umenewu ndi wakale kuposa ambuye ako. Unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, mzinda wa osula mipeni ku Germany, cholinga chili chodzagulitsa kuno ku Africa. Dzinalo ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo, mbale wake wa kadyansonga koma ya miyendo yamizeremizere ngati mbidzi, yomwe azungu anali atangoidziwa kumene mu 1901. Mu 1988 dzina ndi makina omwe zinagulidwa n'kusamukira ku South Africa, ndipo mpaka lero umapangidwa ku KwaZulu-Natal. Wa apongozi anga unalembedwa Made in Germany, anabwera nawo kuchokera ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia pamodzi ndi jekete ija ndi sutikesi yamalata. Wako ukhale wolembedwa South Africa, chidindo cha nyamayo chikuoneka bwino, chifukwa abodza a Okapi nawonso adzaza.

Zoipa zake ndikuuziretu kuti usadzanditukwane. Ma Okapi ambiri ndi a chitsulo cha carbon, chomwe chimachita dzimbiri ukangochigoneka chonyowa usiku umodzi. Ambiri amachoka kufakitale asanathwe kwenikweni, ndiye tsiku loyamba ndi la pamwala. Potsegula ndi potseka pamafunika manja awiri. Mphete ija imadya thumba la buluku pang'onopang'ono, funsa azakhali ako amene amasoka anga. Ndipo ku South Africa mpeniwu uli ndi mbiri ya atsotsi, moti wamkulu uja, wa chitsulo cha masentimita 10, ukautulutsa pagulu anthu amayamba kusuntha. Tenga wapakati. Twaini safuna mpeni wautali.

Zonsezi ndimazilola chifukwa cha chinthu chimodzi: chitsulo cha carbon chimamvera mwala uliwonse. Ukabuntha uli kumudzi kwa eni, mwala wa pachitsime ukwanira, mphindi zitatu wathwanso. Ndipo ukadzasowa, poti mpeni wa munthu woyenda m'midzi umasowa ndithu, udzadandaula tsiku limodzi lokha.

Pomaliza, mphwanga, ndakuona kale ukusenda nzimbe ndi mpeni womwe wangotsegulira thumba la mbewu yopaka mankhwala, yofiira kapena yobiriwira ija, kapena botolo la mankhwala a anankafumbwe. Kupukutira pa buluku si kutsuka. Sopo ndi madzi, kenako uumitse.

Amalume, mwana wanga akuphunzira ku France ndipo akubwera pa Khirisimasi. Wandifunsa mphatso yowagulira ambuye ake, atate anga, amene amamezanitsa mitengo ya mango ndi malalanje kwathu ku Katete. Iye akuti kumeneko kuli mpeni wotchedwa Opinel. Kodi ndi woyenera nkhalamba, kapena ndi zokongoletsa chabe?
Mayi wa ku Kalongwezi

Mayi, mwana wanuyo ali ndi maso. Opinel ndi mpeni wa alimi a kumapiri a Savoie, anauyamba Joseph Opinel mu 1890, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni. Chigwiriro n'chamtengo wa beech, chobulungira, chodzaza m'manja, chabwino kwa munthu amene zala zayamba kuuma. Pakhosi pake pali mphete yachitsulo yomwe opanga ake anaiwonjezera mu 1955: mukatsegula mpeni mumaipotoza, mpeni sungapindikenso. Imabwera m'manambala, ndipo muuzeni atenge nambala 8, wa chitsulo cha masentimita 8.5. Ngwopepuka moti atate adzaiwala kuti uli m'thumba.

Pomezanitsa ndi pomwe udzawakondweretse. Chitsulo chake n'chopyapyala, chimalowa mu kanthambi ka mango osakang'amba, ndipo bala losalala ndilo limagwirana msanga. Ilipo mitundu iwiri, wina wolembedwa Carbone (chitsulo cha carbon), wina Inox (stainless). Kwa iwo ndasankha Inox, chifukwa utomoni wa mango ndi madzi a malalanje zimadetsa Carbone tsiku lomwelo. Awagulirenso kabotolo ka sipiriti kopukutira chitsulo akamachoka pamtengo wina kupita pa wina, matenda a mitengo amayenda pampeni.

Vuto lake ndi lomwe lidzakumane ndi Khirisimasiyo. Mtengo wa chigwiriro umamwa chinyezi. M'dzinja lathu lino umafufuma n'kufinya chitsulo, moti atate adzathyola chikhadabo pofuna kutsegula, n'kunena kuti mdzukulu wawagulira chinthu chakufa. Eni ake ali ndi njira: amagwira mpeni cha kukhosi n'kumenyetsa kumapeto kwa chigwiriro pathebulo, nsonga imatuluka yokha pang'ono. Mwanayo awaonetse asanabwerere. Asamauviike m'madzi, ndipo kavaselini pang'ono popindikira kamathandiza.

Aulonge m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege. M'kachikwama ka m'manja adzaulanda asanachoke n'komwe ku France. Ndipo ngati ndalama ilipo agule iwiri. Mukudziwa nokha kumudzi: mpeni watsopano wa mdala umabwerekedwa pamaliro oyamba, ukasenda mbuzi, ukabwerera mwezi wamawa ngati wabwerera.

Amalume, mpeni wanga unada bii nditadulira mandimu, komanso unabuntha. Ndinapita nawo kwa owotcherera zitsulo kuti aunole pa galainda. Unathwa tsiku limodzi, tsopano sudula ngakhale tomato. Aulodza?
Wokonza njinga, Kapata

Sanaulodze, achimwene, anauphika. Kuthwa kwa mpeni wam'thumba n'kopyapyala ngati pepala, ndipo galainda imakutenthetsa m'kamphindi. Chitsulo chikatentha chotero chimataya kuuma komwe anachipatsa kufakitale. Yang'anani m'mphepete mwake: mukaona mtundu wa buluu kapena wa udzu wouma, ndi pomwe panapsa. Galainda ndi ya makasu ndi nkhwangwa. Mwayi wake, nthawi zambiri chimapsa ndi cham'mphepete chokha, ndiye mukanola pamwala mpaka kudya pofewapo mudzapeza chitsulo chabwino kuseri kwake.

Kanoledwe kake nkaka. Pezani mwala wosalala, wa m'sitolo ya hadiweya wa mbali ziwiri kapena wakumtsinje, muunyowetse. Gonekani mpeni pamwala, mukweze msana wake pang'ono, mpata woti pensulo ingalowe pansi pake. Pa mpeni wa m'lifupi mwa masentimita 2 pamenepo ndi pafupifupi madigiri 20, ndiye pofunikapo. Kankhani ngati mukufuna kusenda kachikopa ka mwalawo, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, dzanja lisakwere kapena kutsika. Anthu ambiri amalakwitsa apa: amatembenuzatembenuza mpeni msanga ngati wokazinga chimanga. Khalani mbali imodzi mpaka mutamva, mukasisita ndi chala kuchokera kumsana kutsikira kokuthwa, kandevu kokanda mbali inayo, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Kandevuko ndiko umboni woti mwafika penipeni. Mukatero tembenuzani, muchite chimodzimodzi.

Chatsala n'kuchotsa kandevuko. Vundikirani kapu yadothi ya tiyi, pansi pake pali mkombero wosapaka, wokhakhala pang'ono. Pititsanipo mpeni mopepuka, kasanu uku kasanu uku. Kenako vulani lamba wachikopa, mumukole pa msomali, mukoke mpeni chobwerera m'mbuyo, msana patsogolo, ngati ometa akale. Muyese pa nyuzipepala kapena pa tomato yemwe uja, osati pa chala chachikulu.

Za kuda kuja musadandaule. Mandimu, anyezi ndi mango zimadetsa chitsulo cha carbon, ndipo kuda kumeneko kumachitchinjiriza ku dzimbiri lenileni. Mdani ndi lofiira. Limenelo lichotseni ndi phulusa pa chitsononkho chonyowa, mupukute, mupake dontho la saladi, mafuta ophikira aja, pachitsulo. Popindikira pokha musathire saladi, amauma n'kumata ngati ulimbo. Inu muli ndi oilo wa njinga pafupi, dontho limodzi likwanira. Ndipo pa ntchito yanuyo, lekani kupalira chubu ndi kuthwa kwa mpeni musanamate chigamba. Ndikudziwa mumatero, nonse mumatero. Sandipepa alipo.

Amalume, ndimaweruka usiku ndipo njira yopita kwathu ku Mchini ndi yamdima. Ndikufuna mpeni wotseguka msanga wodzitetezera. Ndi uti wabwino, nanga ndi mlandu kuyenda nawo?
Mnyamata wa m'sitolo

Palibe umene ndikusankhire, mphwanga. Lamulo la milandu la dziko lino la Zambia, Penal Code, Chaputala 87, limaletsa kukhala ndi chida chovulazira anthu popanda chifukwa chomveka. Mlimi amene wapezeka ndi Okapi ndi twaini m'thumba masana ali ndi chonena. Iwe ukapezeka nawo usiku wakuda wotseguka ndi chala chimodzi, n'kuwauza apolisi kuti ngwodzitetezera, wavomera ndi pakamwa pako kuti unanyamulira munthu. Ndipo achifwamba sayenda mmodzi. Mpeni ukautulutsa pa anthu atatu mumdima, mwina adzakulanda n'kukubaya nawo, mwina udzabaya ndiwe n'kukakalambira kundende. Gula tochi yowala kwambiri, pangana ndi anzako oweruka nthawi imodzi muziyenda limodzi, tsiku la malipiro kwera takisi.

Ngakhale inu a mipeni ya ntchito, kuli malo oisiya kunyumba: kumowa, kumpira, kumisonkhano ya ndale, kukhoti, kusukulu, ndi m'chipwirikiti cha Nc'wala mu February kapena cha Kulamba ku Mkaika mu August. Apongozi anga aja akamapita kokamwa, ankayamba atulutsa Okapi wawo n'kumukoleka ndi mphete yake pa msomali wa kuseri kwa chitseko, kenako n'kutenga chipewa. Anamwalira kale. Mpeniwo uli ndi mlamu wanga wamng'ono, yemwe anaseka kwambiri tsiku lija. Chitsulo chatsala chopyapyala ngati tsamba la nsungwi chifukwa chonoledwa, ndipo ndikamubwereka amayamba wandifunsa ngati chala chinapola.